Kauri: Kankhono ka M'nyanja ya Mchere ndi Mbiri ya Malonda ku Marávia

Kuchokera ku Fíngoè kukafika pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere pali makilomita oposa 600. Ana a m'boma la Marávia amadziwa nkhono ya kumunda imene imatuluka mvula ikagwa, ndipo ena amadziwa tinkhono ta m'madzi a Cahora Bassa. Koma pali kachigoba kena kosalala, konyezimira, kokhala ndi mpata wautali wa timano pansi pake, kamene nthawi zina kamaoneka pa mkanda wakale kapena m'thumba la sing'anga. M'Chipwitikizi amakatcha cauri kapena búzio, ndipo ku gombe amati kauri. Nkhono yake siingakhale ndi moyo m'madzi opanda mchere. Choncho kachigoba kalikonse kotere kopezeka kumtunda kanachita kunyamulidwa ndi anthu, ndipo ndi mboni ya njira imene anthuwo anayenda.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake kanayenda kutali chotere, ayenera kuyamba wadziwa nyama yake. Mitundu iwiri yodziwika kwambiri pa malonda ndi Monetaria moneta ndi Monetaria annulus, ndipo wachiwiriwo umadziwika ndi kamphete kachikasu pamsana. Yonse iwiri imakhala m'madzi ofunda osaya a Indian Ocean ndi Pacific, pansi pa miyala ndi m'maudzu a m'nyanja. Masana imabisala. Usiku imatuluka n'kumapala ndere ndi lilime lake lokhala ndi timano tambiri ngati tupa. Yaikazi ikaikira mazira imawakhalira, kuwaphimba ndi phazi lake mpaka ataswa.

Kunyezimira kwa chigoba kumachokera ku kachikopa kofewa ka thupi la nkhonoyi. Kachikopako kamatuluka mbali zonse ziwiri n'kukuta chigoba chonse kunja, ndipo kamamata pamwamba pake timiyalo topyapyala ta mwala wa mtundu wa laimu. N'chifukwa chake chigoba cha kauri sichikhala chokhakhala ngati cha nkhono ya kumunda. Ikadali yaing'ono, kauri imakhala ndi chigoba chopyapyala chopotana ngati cha nkhono ina iliyonse. Ikakhwima, mlomo wa chigobacho umapindikira mkati, timano timamera, ndipo chigoba chimasiya kutalika n'kumangokhuthala. Zotsatira zake ndi tizigoba tolimba, topepuka, tamasentimita awiri kapena atatu, tofanana kukula, tosaola ndiponso tosadyedwa ndi chiswe. Wamalonda akanatha kutiwerenga, kutiyeza m'dengu, kapena kutiboola pamsana n'kutitunga pa chingwe.

Izi n'zimene zinachititsa kauri kukhala ndalama m'maiko ambiri. Zilumba za Maldives zinkatumiza moneta ku Bengal, ndipo Ibn Battuta anaona tizigobati tikugwira ntchito ya ndalama ku Maldives komweko ndiponso ku Mali m'zaka za m'ma 1300. Pambuyo pake zombo za Azungu zinayamba kutengera kauri kumadzulo kwa Africa kukagulira anthu. Jan Hogendorn ndi Marion Johnson anafotokoza malonda amenewa m'buku lawo la 1986, The Shell Money of the Slave Trade. Kuyambira 1845 amalonda a ku Hamburg anayamba kutumiza annulus wa ku Zanzibar kumadzulo kwa Africa, ndipo anachuluka kwambiri moti ndalamayo inatha mphamvu. Dzina la ndalama ya Ghana, cedi, linachokera ku mawu a Chiakani otanthauza kauri.

M'chigwa cha Zambezi nkhani inayenda mosiyana. Kuno zinthu zimene zinkagwira ntchito ya ndalama zinali nsalu, mikanda ndi mkuwa. Zigoba za m'nyanja zinkafika pang'ono, ndipo kusowa kwakeko n'kumene kunazipatsa ulemu. Anthu ankazivala, ankazisokerera pa zovala, ankaombezera nazo maula, ndipo ena ankaikidwa nazo m'manda. Akatswiri ofukula zakale anapeza kauri ku Mapungubwe, m'chigwa cha Limpopo, mudzi wa m'zaka za m'ma 1200, Apwitikizi asanaponde n'komwe gombe lino. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, manda amene anapezeka mu 1960 anali ndi mikanda ya golide, mkuwa ndi zigoba za m'nyanja ya mchere, za zaka pafupifupi 500 zapitazo.

Zigoba za ku Ingombe Ilede zinali za nkhono ina yotchedwa Conus, imene tsinde lake amalisema kukhala chozungulira choyera chimene amati mpande. Mpande ndi kauri zimasokonezedwa kawirikawiri, koma ndi nyama ziwiri zosiyana. Mpande unali chovala cha mafumu. Mu 1854 mfumu Shinte ya Alunda, kumtunda kwenikweni kwa Zambezi, inapatsa David Livingstone mpande, ndipo iye analemba kuti ziwiri zotere zinkagula kapolo, zisanu zinkagula mnyanga wa njovu. Mtengo umenewu unakopa amalonda kotero kuti anayamba kubweretsa mpande wabodza woumbidwa m'mafakitale.

Dziko limene lero ndi Marávia linali m'kati mwa njira zimenezi. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo anatsegula msika wa Zumbo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700. Pakati pa Tete ndi Zumbo panali mathithi a Cahora Bassa, amene mabwato sankatha kudutsa, choncho katundu ankasenzedwa pamutu. Kumpoto kwa mtsinje kunali ufumu wa Undi, likulu lake ku Mano, kumene minyanga ya njovu, kenaka golide, zinkakopa amalonda. Francisco de Lacerda mu 1798, ndiponso Monteiro ndi Gamitto mu 1831, ananyamuka ku Tete n'kudutsa m'maiko a Amaravi popita kwa Kazembe. Nsalu, mikanda ndi zigoba zinkalowera kumtunda, pamene minyanga, golide ndi anthu ogwidwa ukapolo zinkatsikira ku gombe. Kukongola kwa kachigoba kusaiwalitse munthu kuti kamodzi ndi kamodzi mtengo wake unali mwana wa munthu.

Mwana amene amangomva kuti mbiri ya Tete inayamba ndi kufika kwa Apwitikizi amakula akuyesa kuti makolo ake ankakhala kuseri kwa dziko. Kachigoba kamodzi koikidwa pa tebulo pambali pa chigoba cha nkhono ya kumunda kamatsutsa ganizo limenelo popanda mawu ambiri. Ana akhoza kufanizira ziwirizo, kuona kuti china n'chopotana pamene china chinabisa kupotana kwake mkati, kenaka n'kulondola pa mapu ulendo wochokera ku gombe, kudzera ku Sena ndi Tete, mpaka ku Fíngoè. Dzina limene agogo a kumudzi amakatchula kachigobako m'Chinyanja, m'Chinsenga kapena m'Chinyungwe, ndi ntchito imene ankakagwiritsa, ndi mbali ya mbiriyi imene ana okha angapite nayo m'kalasi, ndipo ndi yofunika kuilemba eni ake akadalipo.