Lord Salisbury ndi Malire a pa Nyanja ya Chilwa

Munthu akakwera phiri la pa chilumba cha Chisi m'maŵa kunja kutayera, amawona maiko aŵiri. Kuzambwe kuli dooko la Kachulu ndi phiri la Zomba. Kuvuma, kutsidya kwa madzi ndi mabango, kuli mapiri a ku Mozambique. Anthu a mbali zonse ziŵiri timadya matemba amodzimodzi, timakwatirana, ndipo maliro akagwa timalirana. Nanga adagamula ndani kuti kuno kukhale Malaŵi, uko kukhale Mozambique? Mlanduwo sudazengedwe pa bwalo la mfumu iliyonse ya kuno ai. Udathera ku London ndi ku Lisbon m'chaka cha 1891, ndipo mwini mau ku mbali ya Angerezi anali munthu amene sadapondepo phazi m'dziko muno. Dzina lake ndi Robert Gascoyne-Cecil, wodziŵika ndi dzina laufumu loti Lord Salisbury. Tiyeni tilondole mtundu wake ndi moyo wake, kuti tidziŵe kumene kudachokera mphamvu zogaŵa dziko la eni ake.

Banja la a Cecil silidayambe ndi ufumu. Makolo ao anali eni minda wamba ochokera ku malire a England ndi Wales. Amene adalikweza ndi William Cecil, wobadwa m'chaka cha 1520. Iyeyu adatumikira Mfumukazi Elizabeth Woyamba zaka makumi anai, kuyambira 1558 mpaka imfa yake m'chaka cha 1598, ndipo mfumukaziyo idamninkha dzina loti Lord Burghley. Anali munthu wanzeru ndi wakhama pa ntchito, koma ife Akatolika timamkumbukiranso pa china. Pa nthaŵi yake boma la England linkasaka ansembe a Eklezia Katolika ndi kuŵapha ngati oukira boma. Mmodzi mwa iwo ndi Edmund Campion Woyera, amene adaphedwa m'chaka cha 1581, ndipo Papa Paulo wa Chisanu ndi Chimodzi adamuika m'gulu la oyera m'chaka cha 1970.

Mwana wa William, dzina lake Robert, adaloŵa m'malo mwa bambo wake. Adatumikira Elizabeth, kenaka Mfumu James Woyamba, amene adampatsa dzina la Salisbury m'chaka cha 1605. Ndiye adamanga chinyumba cha Hatfield, kumpoto kwa London, chimene chidatha m'chaka cha 1611, ndipo banjali likukhalabe komweko mpaka lero. Atamwalira iye m'chaka cha 1612, padapita zaka zoposa mazana aŵiri popanda wina wa m'nyumbamo womveka kwenikweni pa za boma. Komabe minda ndi dzina sizidamwazike, chifukwa cha mwambo wao. Kwathu kuno, pakati pa Anyanja, Ayao ndi Alomwe, ufumu umatsata mbumba, ndipo woloŵa dzina amakhala mwana wa mlongo. Kwa Angerezi dzina, nyumba ndi minda zimapita kwa mwana wamwamuna woyamba kubadwa. Ang'ono ake amakadzifunira okha.

Salisbury wa nkhani yathuyi adabadwira ku Hatfield pa 3 Febuluwale 1830, ndipo sanali mwana woyamba. Mai wake, Frances Gascoyne, amene adabweretsa chuma chambiri ndi dzina lachiŵirilo m'banjamo, adamwalira mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinai. Ku sukulu ya Eton anzake ankamzunza kwambiri, mwakuti bambo wake adamchotsako ali ndi zaka 15. Ataphunzira ku Oxford, thupi lake lili lofooka, adamtumiza pa ulendo wa pa nyanja m'chaka cha 1851, nakafika ku Cape, ku Australia ndi ku New Zealand. Pobwerako adaloŵa m'Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1853.

M'chaka cha 1857 adakwatira Georgina Alderson, mwana wa woweruza milandu. Bambo wake adakana ukwatiwo, poti mkaziyo analibe chuma kapena dzina lofanana ndi lao. Mnyamatayo sadabwerere m'mbuyo, ndipo kwa zaka zingapo ankadyetsa banja lake polemba nkhani m'manyuzipepala. Ukwatiwo udakhala wolimba, ndipo Mulungu adaŵapatsa ana asanu ndi atatu. Zinthu zidatembenuka pamene mkulu wake, amene anali wakhungu, adamwalira wopanda mwana m'chaka cha 1865. Bambo wao atatsikira kuli chete m'chaka cha 1868, dzina ndi Hatfield zidagwera mwana uja sankayembekeza kanthu. Pambuyo pake adakhala Nduna Yaikulu ya Britain katatu: 1885 mpaka 1886, 1886 mpaka 1892, ndiponso 1895 mpaka 1902. Zaka zambiri mwa zimenezi ankagwiranso yekha unduna woona za maiko akunja.

Apa ndiye pamene njira yake idakumana ndi yathu. David Livingstone adafika pa Chilwa m'mwezi wa Epulo 1859, ndipo amishoni a ku Scotland adakhazikika ku Blantyre m'chaka cha 1876. Koma Apwitikizi ankati dziko lonse lino ndi lao, popeza adaakhala pa Zambezi zaka mazana angapo. Kumayambiriro kwa 1889 Harry Johnston adapita ku Lisbon, nabwerako ndi mapangano osiyira Apwitikizi mapiri a Shire. Akadavomera Salisbury, bwenzi Zomba, Blantyre ndi Chisi zili m'Mozambique lero. Mipingo ya ku Scotland idadzuka, abusa ndi akulu a mpingo oposa 10,000 nasaina kalata yokana. Salisbury adataya mapanganowo. Asilikali a Serpa Pinto atamenyana ndi Amakololo ku chigwa cha Shire kumapeto kwa chaka chomwecho, iye adatumiza mau oopseza ku Lisbon pa 11 Januwale 1890, kuti Apwitikizi achotse asilikali ao msanga. Portugal, pokhala dziko lochepa mphamvu, idagonja.

M'mwezi wa Meyi 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, ndipo pa 11 Juni 1891 maiko aŵiriwo adasaina pangano la malire. Panganolo lidati malire atsate gombe lakuvuma la nyanja ya Chiuta, atsike mpaka gombe lakuvuma la Chilwa, kenaka akagwire mtsinje wa Ruo mpaka pamene umathira mu Shire. Ndi mizere yoŵerengekayo Chisi idagwera kuno. Mwini wake Salisbury adavomera poyera m'chaka cha 1890, monga mwa nthabwala, kuti iwo ankagaŵana mapiri, mitsinje ndi nyanja zimene sankadziŵa bwino pamene zili. Ife a kuno tingamchitire umboni. Gombe la Chilwa limayenda: madzi amadzaza, amabwerera, ndipo m'zaka za 1968 ndi 1995 nyanja idaphwa, anthu nkumayenda pansi pamene ankapalasa bwato.

Mkangano umenewu udakhudzanso Eklezia wathu. Ansembe oyamba a chipani cha Abambo Oyera adafika kwa Mponda pa 28 Disembala 1889, atabwera pansi pa chitetezo cha Apwitikizi. Patangopita milungu iŵiri, mau a Salisbury adachotsa chitetezocho. Atavutika ndi matenda ndi nkhondo za m'deralo, adachoka m'mwezi wa Juni 1891, napita ku Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia. Padapita zaka khumi kuti Abambo a Montfort adzatsekule mishoni ya Nzama m'chaka cha 1901.

Tisaweruze mwa mbali imodzi. Boma limene lidadza ndi malirewo lidathetsa malonda a akapolo, amene adaasautsa makolo athu mpaka ena kuthaŵira pa zilumba. Koma boma lomwelo lidabweretsa msonkho wa nyumba, lidapereka minda yachonde kwa atsamunda, ndipo Alomwe amene ankaoloka malire kuthaŵa nkhanza za Apwitikizi adadzapeza thangata kuno. Amuna ambiri adapita kukafuna ndalama ya msonkho ku mzinda umene udatchedwa Salisbury m'chaka cha 1890 polemekeza munthu yemweyu. Agogo athu ankangoti ku Halale, ndipo m'chaka cha 1982 dzina la Harare lidakhazikika.

Salisbury adatula pansi udindo m'chaka cha 1902, namwalira ku Hatfield pa 22 Ogasiti 1903. Amene adaloŵa unduna waukulu anali Arthur Balfour, mwana wa mlongo wake. Pamenepo mpando wa atsibweni udatsata njira imene ife timaidziŵa bwino. Mwa ana ake, William adakhala episkopi wa Anglikani ku Exeter, ndipo Robert adagwira ntchito yoyanjanitsa maiko mpaka kulandira mphotho ya mtendere ya Nobel m'chaka cha 1937. Koma mdzukulu wake, amene adaloŵa dzina la Salisbury, anali nduna m'chaka cha 1952 pamene ankakonza Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene makolo athu adachikana. M'chaka cha 1961 adadzudzula koopsa Iain Macleod, nduna imene idatulutsa Dr Banda m'ndende. Nyumba imodzi yomweyo idabala wofuna mtendere wa maiko onse ndiponso woteteza ulamuliro wa atsamunda.

Abale, mtundu umapatsa munthu mpando, koma zimene achite atakhalapo adzayankha yekha. Salisbury anali bambo wabwino kwa ana ake ndiponso munthu wopemphera, komabe adagaŵa dziko la anthu osaŵafunsa, chifukwa kuyambira ku makolo ake adazoloŵera kugamula za ena. Inu makolo, akatekisiti ndi mafumu, amene mumagaŵa minda ya mbumba kapena kuweruza za ana amasiye, yambani mwafika pa malowo ndi kumva eni ake.

Ndipo malire aja tiŵalemekeze monga lamulo la maiko, koma tiŵauze ana athu kuti adalembedwa m'chaka cha 1891, pamene ubale wathu ndi anthu akutsidya udaalipo kale. Nkhondo itakula ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathaŵira kuno, ndipo m'midzi yambiri adaŵalandira ngati eni khomo. Akuluakulu adanena kuti chibale ndi fupa, sichiwola.