Mudzi wa Magomero: Anthu, Nyumba ndi Msonkho

Wophunzira, ukamawerenga nkhani zokamba za thangata, uzikumbukira Magomero, m'boma la Chiradzulu. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie adakhazikitsa mishoni pamalopa pamodzi ndi anthu amene adawomboledwa kwa ogula akapolo, koma nkhondo ndi njala zidawabalalitsa.

Mudziwu udadzazanso pamene Alomwe adayamba kubwera kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Malo adali atasanduka esiteti ya A. L. Bruce, ndipo mlendo akamanga kanyumba kake kaudzu, ngongole idali itayamba. Taona: boma linkawerenga nyumba, osati anthu, ndipo nyumba iliyonse inkakhoma msonkho, poyamba mashereni 3 pachaka. Munthu ankalima thonje la mzungu mwezi umodzi kulipira malo, mwezi wina kulipira msonkho, koma miyezi ija inkatalikitsidwa dala, makamaka nthawi yadzinja, munda wake uli m'tchire. Ndalama zogwira m'manja zidali zochepa zedi.

Ngakhale matchalitchi audzu a anthu a John Chilembwe ankatenthedwa. Pa 23 Januwale 1915 anthuwo adapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo, m'nyumba mwake momwe.