Asilikali akasokonezeka: mbiri ya nyamakazi yowononga mtima wa ana

Kuno ku Mangochi ndi ochepa amene sanamvepo za CD4. Kuyambira 2004, pomwe boma lidayamba kupereka ma ARV ulere, anthu a ku Makanjira, Namwera ndi Monkey Bay adazolowera kufunsana kuti "asilikali anu alipo angati?" CD4 ndi gulu limodzi la maselo oyera a m'magazi otchedwa ma lymphocyte. Tidawadziwa ngati otiteteza. Koma asilikali omwewa ndi amenenso amawononga mtima wa mwana amene adadwala zilonda zapakhosi osalandira mankhwala, ndipo zidatenga zaka pafupifupi 90 kuti madokotala amvetse bwino mmene zimachitikira.

Mu 1904, Ludwig Aschoff wa ku Germany adapeza timagulu ta maselo titaunjikana mumnofu wa mtima wa anthu omwe adafa ndi nyamakazi yobwera ndi kutentha thupi. Chodabwitsa n'chakuti kachilombo sikankapezekamo. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti chitetezo cha thupi sichingaukire mwini wake, choncho sadachikayikire.

Kachilombo kadadziwika pambuyo pake: ndi bakiteriya wapakhosi wotchedwa streptococcus wa gulu A, malinga ndi magulu omwe Rebecca Lancefield adakonza mu 1933. Mu 1950, kafukufuku wa pa kampu ya ankhondo ku Wyoming, ku America (asilikali enieni tsopano, ovala yunifomu) adaonetsa kuti kubaya penicillin munthu akangodwala pakhosi kumaletsa nyamakaziyi. Mankhwala adapezeka chifukwa chake chisanadziwike.

Ma lymphocyte nawo ankaonedwa ngati maselo opanda ntchito yodziwika, mpaka mu 1961 pomwe Jacques Miller adaonetsa kuti kachiwalo kokhala kuseri kwa fupa la pachifuwa, thymus, ndi kofunika pa chitetezo. M'menemo ndi momwe ma lymphocyte a mtundu wa T, kuphatikizapo CD4, amakhwimira ndi kuphunzira kusiyanitsa mdani ndi mwini nyumba. Mu 1962 Melvin Kaplan adapeza kuti zida zomwe thupi limapanga polimbana ndi streptococcus zimamatiranso ku mnofu wa mtima. Ndipo mu 1995, Luiza Guilherme wa ku Brazil adatenga maselo a T m'mitima ya odwala ochitidwa opaleshoni n'kuona kuti selo lomwelo limaukira bakiteriya komanso mtima. Chovala cha kachilomboka chimafanana ndi zina za m'thupi mwathu, ndiye msilikali amalasa wachibale. Pakhosi pakadwalanso, amabwereranso pa tizitseko ta mtima, mpaka titachita zipsera, n'kuyamba kudontha kapena kupanikiza magazi.

Kumayiko olemera matendawa adatsala pang'ono kutheratu. Kwathu kuno ayi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adayeza ana asukulu 1,450 m'boma la Lilongwe ndi makina ounikira mtima, ndipo oposa atatu mwa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro, eni ake osadziwa. Ku Gulu, ku Uganda, kafukufuku wa 2021 adaonetsa kuti mwa ana otere omwe ankabayidwa penicillin milungu inayi iliyonse, ochepera mmodzi pa 100 ndiwo adakulirakulira matenda, pomwe mwa osabayidwa anali 8 pa 100.

Makolo, mwana wa zaka 5 mpaka 15 akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi, musangomugulira panado pa golosale. Pakapita milungu iwiri kapena itatu n'kuyamba kutupa bondo lero, mawa chigongono, kubanika, kapena manja kumangogwedezeka okha, si majini. Pitani naye kuchipatala, ndipo muwauze za pakhosi paja ngakhale padapola. Amene adayamba kale jakisoni wa mwezi ndi mwezi asadumphitse, ngakhale akuoneka wamphamvu. Amawawa ndithu jakisoniyu, ndipo amabayidwa kwa zaka zambiri, ena mpaka atakula.