Tinaphunzira manotsi, koma kupuma ayi

Ku Highridge, monganso m'madera ena a Kabwe, sukulu ya nyimbo imene achinyamata ambiri anapitako ndi kwaya. Madzulo pakati pa sabata a kwayamasita amagawa pepala lodzaza ndi zilembo d, r, m, f, s, l, t. Masopurano amatenga mzere wao, ma alto wao, matena ndi mabesi chimodzimodzi, ndipo pofika tsiku la mapemphero nyimbo yapsa. Koma funsani m'kwayamo kuti ndani anakhalapo ndi mphunzitsi payekha, womuonetsa mmene angasungire mpweya kapena mmene angakwerere pamwamba popanda kufinya pakhosi. Manja amene angakwezedwe ndi ochepa. Kuwerenga manotsi ndi kusula mau ndi maphunziro awiri osiyana, ndipo lililonse lili ndi mbiri yake. Loyambalo linafika kwathu kalekale. Lachiwirilo linatsalira m'njira.

Tiyambe ndi limene linatsaliralo. Opera, lomwe ndi sewero loimbidwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, inabadwira ku Italy cha m'ma 1600. Imodzi mwa zoyambirira imene ikuseweredwabe mpaka lero ndi L'Orfeo ya Claudio Monteverdi, ya mu 1607. Nthawi imeneyo kunalibe maikolofoni. Woimba anafunika kumveka mpaka kumpando wakumbuyo kwenikweni ndi thupi lake chabe, usiku wonse, mawa lake n'kudzaimbanso. Vuto limeneli ndi limene linabala luso limene anthu a ku Italy anadzalitcha bel canto, kutanthauza kuimba kokongola.

Sukulu zotchuka za lusoli zinali ku Naples, ndipo chiyambi chake chingakudabwitseni: zinali nyumba zosungiramo ana amasiye. Anawo ankaphunzitsidwa nyimbo kuti aziimba m'machalichi ndi pamaliro, nyumbazo n'kumapeza ndalama. Dzina lakuti conservatory, limene sukulu zazikulu za nyimbo zimadziwika nalo lero, linachokera ku nyumba zimenezi. Mmodzi mwa aphunzitsi a kumeneko m'zaka za m'ma 1700 anali Nicola Porpora, amene anasula oimba otchuka Farinelli ndi Caffarelli. Pali nthano yakuti Porpora anasunga Caffarelli pa tsamba limodzi la zoyeserera kwa zaka zingapo asanamulole kuimba nyimbo yeniyeni. Nthanoyi aphunzitsi amaikondabe chifukwa imanena zoona za ntchito yao. Wophunzira ankayamba ndi noti imodzi: kuiyamba motsitsa, kuikuza pang'onopang'ono, n'kuibwezanso pansi, zonsezi ndi mpweya umodzi. Akatha zimenezo ndiye ankapita ku manoti awiri, atatu, mpaka sikelo yonse.

Kwa zaka zoposa 200 aphunzitsiwa ankagwira ntchito ndi khutu lokha, osaona chimene chikuchitika m'khosi. Amene anasintha zimenezi ndi Manuel García, mwana wa banja la oimba lochokera ku Spain, wobadwa mu 1805. Mu 1854 anatenga kagalasi kakang'ono ka dokotala wa mano, n'kukaika kumbuyo kwa m'kamwa mwake, ndipo ndi galasi lina anaunikira kuwala kwa dzuwa m'khosi. Anaona timinofu tiwiri ta m'kholingo tikutseguka ndi kutsekeka pamene ankaimba. Chaka chotsatira zimene anapezazi zinaperekedwa ku Royal Society ku London, ndipo madokotala a pakhosi anatengera njira yomweyo.

Nkhani ya García imene ikutikhudza kwambiri inachitika kale zimenezi zisanachitike. Mu 1841 kunabwera kwa iye ku Paris mtsikana wa ku Sweden, Jenny Lind. Anali atatchuka kale kwao, koma anayamba kuimba mbali zolemera ali wamng'ono, ndipo pofika zaka 20 mau ake anali atatopa ndi kusasa. García anamuuza kuti akhale chete milungu ingapo, osaimba, ngakhale kulankhula kwenikweni achepetse. Atabwerako anamuyambitsa pansi, pa kupuma ndi masikelo oyenda pang'onopang'ono, ngati mwana wa giredi wanu. Patapita miyezi pafupifupi khumi mau anabwerera, ndipo Lind anakhala mmodzi wa oimba odziwika kwambiri a nthawi yake. Luso lobadwa nalo linali litatsala pang'ono kumuthera asanakule n'komwe.

Kodi chimene aphunzitsiwa ankaphunzitsa n'chiyani kwenikweni? Choyamba, mpweya. Woimba amapumira pansi, nthiti za m'munsi n'kutambasuka, mapewa osakwera, kenako amautulutsa mousunga m'malo moukankha. Chachiwiri, kumasula khosi, lilime ndi chibwano, kuti mau apeze malo olirira. Chachitatu, kulumikiza mau a pachifuwa ndi mau a m'mutu kuti pasamveke pothyoka. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa ku Sweden, Johan Sundberg, anaonetsa chifukwa chake woimba mmodzi amamveka pamwamba pa gulu lalikulu la zoimbira: mau osulidwa bwino, makamaka a amuna, amakhala ndi mphamvu yapadera cha pa ma hertz 3,000, pamene zoimbirazo zili zofooka. Ndiye kuti woimba wa opera sakuwa. Amadutsa pa mpata umene gitala, vayolini ndi malipenga ausiya.

García anamwalira ku London mu 1906 ali ndi zaka 101. Chaka chomwecho njanji inafika ku Broken Hill, dzina lakale la Kabwe, kumene mu 1902 kunapezeka mtovu ndi zinki. Mgodi ndi njanji zinakoka anthu kuchokera kummawa, kumpoto ndi ku Nyasaland, ndipo ambiri mwa amene anapitako kusukulu za mishoni anabwera ndi nyimbo zao m'mutu ndi m'mabuku. Apa m'pamene phunziro lina lija, la manotsi, likulowera.

Sol-fa imene timaidziwa inayambira ku England. Mai wina wa ku Norwich, Sarah Glover, anakonza njira yophunzitsira ana kuimba pogwiritsa ntchito zilembo, ndipo kuyambira mu 1841 m'busa John Curwen anaikonzanso n'kuifalitsa dziko lonse. Cholinga chao chinali chakuti mpingo wonse, osauka ndi osaphunzira omwe, uziimba pamodzi. Njirayi inali yotchipa zedi. Siinafune piyano, ndipo makina wamba osindikizira mabuku ankatha kuisindikiza, chifukwa ndi zilembo ndi madontho chabe. Kwa amishoni amene anali ndi bolodi, choko ndi ana 60 pansi pa mtengo, panalibe china choposa pamenepa.

Njirayi inazika mizu kwambiri ku South Africa, m'sukulu monga Lovedale. Mu 1897 Enoch Sontonga, mphunzitsi pa sukulu ya Methodist pafupi ndi Johannesburg, analemba m'zilembo za sol-fa nyimbo imene maimbidwe ake ndiwo tikuimbira nyimbo ya fuko lathu lero. Kuno kumtunda, mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875 m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo ophunzira ake anafika mpaka ku Chinsali, kumene David Kaunda anakagwira ntchito kuyambira cha mu 1904. Kummawa a Dutch Reformed anatsegula Magwero mu 1899. Kufupi ndi Broken Hill, a Methodist anali ku Chipembi. M'sukulu zamtunduwu mphunzitsi mmodzi ankaphunzitsa kuwerenga, masamu, Baibulo ndi nyimbo. Ntchito yake inali kutulutsa gulu loimba mogwirizana m'magawo anai. Nthawi yokhala pansi ndi mwana mmodzi zaka zisanu, monga Porpora, analibe, ndipo palibe amene anamutuma zimenezo.

Tisaiwale kuti makolo athu anali ndi sukulu zao za mau amishoni asanabwere. Woyambitsa nyimbo pa bwalo, mai wa pamtondo, wotsogolera nyimbo za chinamwali, onsewa ankadziwa kufikitsa mau kutali popanda chida. Wansembe wa Anglican A. M. Jones, amene anakhala zaka zambiri ku Mapanza ndipo mu 1959 anatulutsa buku la Studies in African Music, anafufuza mmene nyimbo zathu zimatsatira kukwera ndi kutsika kwa chilankhulo, chinthu chimene nyimbo zomasuliridwa kuchokera ku Ulaya zinkaphwanya. Koma m'kalasi ya mishoni luso lamakololi silinkawerengedwa ngati phunziro. Choncho mwana wasukulu anaphonya mbali zonse ziwiri: lamakolo linatsala kunja kwa mpanda, la ku Italy silinafike.

Nyimbo ndi masewero a ku Ulaya analipo m'matauni a m'mbali mwa njanji, koma kuseri kwa chitseko. Broken Hill inali ndi Venus Theatre, Lusaka inali ndi Playhouse, ndipo matauni a ku Copperbelt anali ndi nyumba zao za masewero. Awa anali makalabu a azungu. Mnyamata wa mu komboni ya mgodi, ngakhale akhale ndi tena yokoma bwanji, sanali m'gulu limenelo. Ufulu utabwera mu 1964, mtima wa dziko unapita, moyenerera, kukweza zathu: ng'oma, magule, masewero a Chikwakwa ku University of Zambia, kenako Zamrock ndi kalindula. Opera inaoneka ngati katundu wa atsamunda amene anaiwala kunyamula. Pamodzi ndi opera panatayikanso chinthu chimene sichinali cha mtundu uliwonse: kudziwa mmene mapapo ndi kholingo zimagwirira ntchito.

Kuti muone chimene chimachitika maphunziro awiriwa akakumana, yang'anani ku South Africa. Kumeneko makwaya a m'machalichi ndi m'masukulu anakulira pa sol-fa ngati athu. Kusiyana kwake n'kwakuti mipikisano ya makwaya a m'sukulu ili ndi gawo la oimba paokha nyimbo za opera, ndipo University of Cape Town ili ndi sukulu ya opera imene tsankho litatha inadzaza ndi ana a m'makomboni. Pretty Yende anabadwa mu 1985 m'tauni yaing'ono ya Piet Retief. Anamva opera koyamba ali ndi zaka 16, pa kanema wotsatsa malonda a British Airways pa TV. Anapita ku Cape Town, kumene anaphunzitsidwa ndi Virginia Davids, kenako ku sukulu ya La Scala ku Milan. Mu 2011 anapambana mpikisano wa Operalia, mu 2013 anaimba ku Metropolitan Opera ku New York, ndipo pa 6 May 2023 anaimba pa mwambo wovekedwa ufumu wa Charles III ku Westminster Abbey. Mu 2017 Levy Sekgapane, tena wa ku South Africa komweko, nayenso anapambana Operalia. Pakati pa kwaya ya kwao ndi masiteji amenewa panali zaka zambiri za mphunzitsi mmodzi, wophunzira mmodzi ndi piyano.

Kwathu maphunziro a nyimbo alipo ku Evelyn Hone College ndi ku Ngoma Dolce ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Kabwe. Mipikisano ya NASAAZ imasonkhanitsa makwaya a m'sukulu chaka ndi chaka. Mau alipo ambiri. Koma manje taonjezerapo vuto limene Porpora sanalidziwe: masipika aakulu, kiyibodi ndi ng'oma za magetsi. Mtsikana wa zaka 17 wa mu praise team amalimbana ndi phokoso lonseli usiku wonse wa overnight, mawa lake mau atasasa, anzake n'kumamuyamikira kuti anaimba ndi mtima wonse. Mnyamata amene mau ake akusintha amakankhidwira ku besi chifukwa mabesi ndi ochepa. Timinofu tija García anaona m'galasi ndi tating'ono, sitifika ngakhale kutalika kwa chala. Tikamenyanitsidwa mwamphamvu kwa miyezi timamera tizotupa, ndipo manoti apamwamba ndiwo amayamba kuthawa.

Si aliyense wa ku Highridge amene akufuna kukaimba ku Milan, ndipo palibe chifukwa choti afune. Koma phunziro la ku Naples limagwira ntchito pa gospel, pa kalindula ndi pa nyimbo za m'buku chimodzimodzi. Mphindi khumi zotenthetsa mau musanayambe pulakitisi. Kutsitsa kiyi nyimbo ikakwera kwambiri, m'malo mofinya khosi. Kusiya kuimba mau akasasa, ndi kukaonana ndi dokotala kusasako kukapitirira milungu iwiri kapena itatu. Ndipo a kwayamasita akamva mwana wa mau apadera, asamuthamangitsire ku solo iliyonse chifukwa chakuti ndiye amawinitsa mpikisano. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Jenny Lind anapulumuka chifukwa anapeza mphunzitsi amene analimba mtima kumuuza kuti akhale kaye chete.