Macheka

Mawu akuti macheka amachokera ku mneni woti kucheka, ndipo amatanthauza chida cha mano chodulira kapena kung'ambira matabwa. Akalipentala ambiri amangoti sowo. Koma mukamva mmisiri wa pa Kasiya kapena pa Nsaru akunena kuti akufuna macheka a magetsi, sakunena sowo yam'manja ayi. Akunena mashini a thebulo lachitsulo, omwe mpeni wake wozungulira umatulukira pamwamba, mota ili m'bokosi pansi pake.

Atsopano ndi odula kwambiri, n'chifukwa chake ambiri amasaka ogwirapo kale ntchito ku Lilongwe. Pamenepa m'pofunika kutsegula maso. Mashini akuluakulu ambiri amafuna magetsi a three-phase, pomwe mashopu ambiri akumidzi ESCOM inawalumikiza single-phase. Funsani musanalipire. Kenako azimitseni mugwedeze mpeniwo kuti muone ngati uli wolimba, muwayatse mumvetsere ngati mota ikukhuluza, ndipo mung'ambe thabwa louma la bulugama muone ngati mzere ukuwongoka.

Wokhoma mipando iwiri pamwezi, sowo yam'manja imamukwanira. Koma amene maoda a zitseko ndi mafelemu amamuchulukira nyengo yogulitsa fodya, ameneyo ndiye agule mashiniwa.