Kukhala Chete Kuwiri: Mau a Chidatchi Akuti Stilzitten

Pali mau amodzi a Chidatchi oyenera kuwalingalira, ndiwo stilzitten. Stil ndiko chete, zitten ndiko kukhala pansi. Mai wa ku Holland pakuletsa mwana wosakhazikika amati, Zit stil! Koma mauwa ali ndi tanthauzo lachiwiri, ndilo kungokhala manja lende. Chifukwa chake pakutama munthu wakhama amanena kuti sanachite stilzitten.

Kodi mau a kutali otere atikhudza bwanji ife a ku Chisenga, pansi pa mapiri a Mafinga? Kumbukirani kuti amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Cape analalikira kwao ndi kulemba makalata m'Chidatchi, pakuti Chiafrikaans chinavomerezedwa ndi boma m'chaka cha 1925, ndipo Buku Lopatulika lake linatuluka mu 1933. Ndipo woyamba wa iwo anayamba wayesa kumpoto kuno.

Iyeyo ndiye Andrew Charles Murray. Anafika ku Bandawe mu 1888, napitirira ku Karonga ndi ku dziko la Ankhonde, nafuna malo omangapo mishoni. Koma masiku amenewo dziko linali pa nkhondo ya Mlozi, wogulitsa akapolo, imene inayamba mu 1887 niitha mu 1895. Murray anadwalanso kwambiri. Tsono mnyamata amene anadza kudzagwira ntchito anabwerera kumwera, nakakhala chete ku Njuyu kwa Dr Elmslie pakati pa Angoni, kufikira atapeza mphamvu.

Woona ndi maso okha akadati ulendowo wapita pachabe. Koma mu 1889 anafika mnzake, T. C. B. Vlok, ndipo awiriwo anayenda kumwera m'dziko la mfumu Chiwere, natsegula Mvera pa 28 November chaka chomwecho. Nkhoma inatsatira mu 1896. Murray akadaumirira kumpoto ali wodwala, kaya Mvera akadamanga ndani?

Apa tiphunzira kusiyanitsa. Mlimi amene wabzala chimanga chake nadikira mvula wakhala chete, ndipo sitimdzudzula. Mnzake amene khasu lachita dzimbiri pakhonde wakhalanso chete, koma njala idzamfunsa mwezi wa February. Adatchi atchula onse awiri ndi mau amodzi. Ife tidzifunse tokha pakukhala pansi lero, kuti kukhala kwathu nkuti mwa kuwiriku.