Mayi Lina Magaia, mtolankhani wa nthawi ya Matsanga

Senderani kuno adzukulu, ndikuuzeni za mayi wina amene sanabadwire kuno ku Angónia, koma ine ndimawawerengera pamodzi ndi amayi athu a ku Domwe ndi ku Lifidzi. Dzina lawo ndi Lina Magaia. Kwawo kunali kummwera, mumzinda umene Apwitikizi ankautcha Lourenço Marques, inu mukuti Maputo. Akadali mtsikana wa pasukulu, boma la atsamunda linawatsekera m'ndende pa nkhani za ndale. Atatuluka anakaphunzira ku Lisboa, kenaka n'kulowera ku Tanzania kumene kunali asilikali a Frelimo.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, mayiwa anagwira ntchito za ulimi. Anatumizidwa ku Manhiça, kumpoto kwa Maputo, kudera la minda ya nzimbe ya Maragra. Masiku amenewo boma linkakhulupirira minda ikuluikulu. Kunonso tinali ndi yathu, CAIA, imene inatenga minda yosiyidwa ndi azungu, mathirakitala ali mbwee, ife eni nthaka tikuonerera ndi makasu athu. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nkhondo ya Matsanga, gulu limene linkamenyana ndi boma la Frelimo, inawapeza komweko ku Manhiça. Anthu ankagona m'tchire, m'mawa n'kubwerera kukaona ngati nyumba zatsala. Opulumuka ankafotokoza zimene aona: nkhokwe zotenthedwa, amayi osenzetsedwa katundu wobedwa m'nyumba zawo zomwe, anyamata ogwidwa n'kupatsidwa mfuti, ana ophedwa makolo akuona. Ambiri amene ankamva zoterezi ankangogwira pakamwa. Mayi Magaia ankalemba. Ankalemba monga mmene mwini nkhaniyo wainenera, osaithira mchere, ndipo mu 1987 nkhanizo zinatuluka m'buku lotchedwa Dumba Nengue. Chaka chotsatira linamasuliridwa m'Chingerezi, anthu a kutsidya kwa nyanja n'kuyamba kudziwa zimene zinkachitikira alimi a ku Mozambique. Mu 1989 anatulutsanso lina, Duplo Massacre em Moçambique.

Tsono kuti mumvetse kulemera kwa ntchito imeneyi, muyambe mwadziwa mmene nkhani zinkayendera kwathu kuno. Nyuzipepala ya Notícias inkasindikizidwa ku Maputo m'Chipwitikizi, ndipo m'midzi muno oiwerenga anali aphunzitsi ndi akatekisiti basi, ikapezeka n'komwe. Tinali ndi tiwailesi ta Xirico, koma mabatire anali osowa. Tinkawayanika padzuwa kuti alankhuleko pang'ono madzulo. Ukatsegula Rádio Moçambique unkamva kuti adani akugonja. Ukatembenuzira ku MBC ya ku Blantyre unkamva za Kamuzu ndi mbumba yake. Imfa ya Samora Machel pa 19 Okutobala 1986 tinaimva pa wailesi, inde. Koma zoti mudzi wakutiwakuti wapsa usiku wathawu, kapena kuti njira ya ku Ulongwe isayendedwe, palibe wailesi inatiuzapo.

Zimenezo zinkabwera ndi amayi. Mayi ankasenza dengu la mbatatesi kapena nyemba kupita kumsika wa ku Lizulu, kumene msewu wa Dedza ndi Ntcheu ndiwo malire, n'kubwerako ndi mchere, sopo ndi mbiri ya midzi yonse: wafa ndani, wagwidwa ndani, ana a uje aoneka kuti. Ankainena motsitsa mawu pamtondo kapena pachitsime, chifukwa sunkadziwa amene akumvetsera. Mu 1986 zinthu zitafika poipa, anthu a kuno anakhamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kwa abale awo a Chingoni ndi a Chichewa, mpaka othawa nkhondo m'Malawi monse anapitirira 1 miliyoni. Agogo anu aakazi anali m'gulu limenelo, mwana kumbuyo, mphika pamutu. Zimene anaona panjira amazidziwa okha, ndipo anzawo ambiri anapita nazo kumanda.

Ine buku la mayi Magaia la Dumba Nengue ndinalimva titabwerera, mtendere wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa. Mphunzitsi wina ndiye ankatiwerengera, akumasulira m'Chinyanja. Amayi amene anali pamenepo ankangoti, "Iiih, ngati kwathu konkuno." Wina ananyamuka pakati pa nkhani osatsanzika, ndipo palibe anamufunsa chifukwa.

Komabe ndisakunamizeni kuti m'bukumo muli nkhondo yonse. Mayi Magaia anali a Frelimo mpaka m'mafupa, ndipo analemba za nkhanza za mbali imodzi, ya amene boma linkawatcha zigawenga. Kuno ife tinkaopa aliyense wonyamula mfuti. Masana ankabwera awa kudzafunsa chifukwa chimene mwadyetsera adani, usiku n'kubwera enawo kudzafunsa chifukwa chimene mwaululira kwa boma. Pa 30 Okutobala 1985, anthu amfuti anatenga ansembe awiri a Chijezuiti ku Chapotera, kufupi ndi mishoni ya Lifidzi, n'kuwapha: Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa konkuno, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal. Nkhani imeneyo tinainong'onezana zaka zambiri tisanayambe kuinena poyera. Ndiye mukamawerenga mayiwa, muziwerenga mukudziwa pamene anaima. Ine sindiwadzudzula kwambiri. Analemba zimene anthu a ku Manhiça anawauza, pa nthawi imene ena ophunzira ngati iwo anasankha kukhala chete m'maofesi a ku Maputo.

Chimene chimandikondweretsa ndi mmene anamalizira. Atakula, tsitsi litachita imvi, anapita kukakhala pansi pamaso pa gogo wina wa zaka pafupifupi 100, Marta Guebuza, mayi wake wa Armando Guebuza amene panthawiyo anali mtsogoleri wa dziko. Anamvetsera gogoyo akufotokoza za moyo wa anthu akuda m'nthawi ya Apwitikizi, n'kuzilemba m'buku lotchedwa Recordações da Vovó Marta, limene linatuluka mu 2011. Mayi Magaia anamwalira ku Maputo chaka chomwecho, pa 27 Juni.